Aphunzitsi Amene Adagwira Ntchito Kutali ndi Kwao

Mau olankhulidwa pamaso pa nthumwi za Sinodi ya Harare



Pamene mbiri ya Sinodi ino ifotokozedwa, maina amene amamveka ndi a abusa. Amayambira pa Mbusa T.C.B. Vlok, amene adafika ku Salisbury mu 1912 kudzaweta anthu a ku Nyasaland ogwira ntchito m'dziko lino, nakhala kufikira 1936. Amatchula chaka cha 1945, pamene mpingo woyamba udakhazikitsidwa, ndi chaka cha 1965, pamene Salisbury idaima payokha monga Sinodi ya CCAP. Zonsezi nzoona, ndipo nzoyenera kukumbukiridwa. Koma mbusa mmodzi sakadatha kufika m'komboni iliyonse ndi m'chipinda chilichonse cha m'lokeshoni. Amene ankafikako pakati pa sabata, dzuwa litalowa, adali aphunzitsi ndi alaliki, ndipo kawirikawiri maudindo awiriwa adali pa munthu mmodzi. Mau ano ndi onena za iwo, ndi za ana ao amene adatola choko pambuyo pao.

Kuti munthu amvetse mphunzitsi wa m'lokeshoni, ayenera kuyamba wamuona ali kwao. Mishoni ya Dutch Reformed idayamba pa Mvera mu 1889, pamene A.C. Murray ndi Vlok yemweyo adamanga msasa m'dziko la Mfumu Chiwere. Nkhoma idatsatira mu 1896, m'dziko la Mazengera. Khasu lalikulu la Mishoniyo lidali sukulu ya m'mudzi. Mnyamata akadziwa kuwerenga bwino, nabatizidwa, ankatengedwa kukaphunzira uphunzitsi, kenaka nkutumizidwa ku mudzi wina. Kumeneko iye ndi eni mudzi ankaimika nyumba ya mitengo ndi dothi, yofolera udzu. Pakati pa sabata idali sukulu, tsiku la Sabata idali nyumba yopemphereramo, ndipo woima kutsogolo adali yemweyo. Malipiro ake adali ochepa, koma sankadya malipiro okha ai. Nyakwawa inkampatsa malo, iye ndi mkazi wake ankalima, nkhokwe idali pabwalo, nkhuku zidali m'khola. Mfundo imeneyi isaiwalike, pakuti mavuto ambiri a pambuyo pake adachokera pamenepa. Mphunzitsi wa ku Nkhoma ankaima ndi miyendo iwiri, ndalama ndi munda, ndipo pomutumiza ku Salisbury mwendo umodzi udatsala kumudzi.

Anthu ake adali atatsogola kale. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo ndalama kumudzi kudalibe. Tsono amuna adakhamukira ku migodi monga wa Shamva, ku minda ya fodya ndi chimanga ya Azungu, ndi ku makhitchini a mu Salisbury. Ena mwa iwo adali Akhristu amene adaphunzira zilembo m'sukulu za udzu zija. Ndi iwowo amene adatuma anzao kuyenda pansi kubwerera ku Mvera kukapempha kuti awatumizire wowaweta. Nkwabwino kuti nthumwi zidziwe kuti ntchito ino idayamba ndi pempho la antchito wamba, lisadamveke liu la bungwe lililonse.

Njira imene antchito ankayenda ndiyo imenenso mphunzitsi ankayenda, mtunda wa mamailosi oposa 400: kutsika ku Dedza, kudutsa dziko la Apwitikizi, kuoloka Zambezi pa Tete ndi bwato, popeza mlatho wa pamenepo udadzatha mu 1973, kenaka Mtoko ndi Mrewa mpaka kulowa m'tauni. Pa zaka zoyambazo udali ulendo wa masabata, wa njala ndi ludzu ndi zirombo. Kuyambira 1935, mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa, amene adali ndi ndalama ankakwera sitima yozungulira ku Dondo, pafupi ndi Beira, nkudzalowera ku Umtali. Padabweranso malole a Ulere, kenaka Mthandizi. M'phukusi la mphunzitsi mudali bulangete, kalata ya mbusa, katekisma, buku la nyimbo, ndi Buku Lopatulika, limene lidasindikizidwa lathunthu mu 1922.

Tauni imene adafikamo sidamangidwe kuti munthu wakuda akhazikikemo. Lokeshoni ya Harari, imene lero ndi Mbare, idayamba mu 1907. Highfield idamangidwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo Mabvuku, Rugare ya anthu a njanji, Mufakose, Kambuzuma, Dzivarasekwa, Tafara ndi Glen Norah zidatsatira pang'onopang'ono. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 lidaika matauni m'gawo la Azungu, kotero kuti wakuda adali m'menemo monga wantchito basi. Lamulo lina la 1946 lidamangirira nyumba ku ntchito: ntchito ikatha, nyumba yatha. Mkazi ankaloledwa kukhala ndi mwamuna wake pokhapokha ukwati utalembedwa ku boma. Amuna ambiri adaunjikidwa m'mahositelo monga a Matapi. Chitupa chidali chosasiyana nacho, ndipo apolisi ankagogoda pakati pa usiku kufuna alendo ogona popanda chilolezo.

M'moyo wotere ndimo mudalowa munthu amene kumudzi ankapatsidwa mpando akafika pa bwalo la mfumu. Apa adapeza chipinda chimodzi, nthawi zina chogawana ndi mnzake, nsalu yopachika ili malire. Ufa adagula, nkhuni adagula, ngakhale nkhwani, umene kwao unkangothyoledwa kuseri kwa nyumba, adaugula ndi ndalama. Ambiri adasiya akazi ndi ana kumudzi kwa zaka. Ndipo kumudziko anthu ankati aliyense wa ku Halale ndi wolemera, motero kalata iliyonse yochokera kwao inkatha ndi pempho: msonkho wa malume, fizi ya mphwake, nsalu ya apongozi.

Sukulu yake yeniyeni idali ya usiku. Ophunzira ake adali amuna a ndevu: khukhi amene wangomaliza kutsuka mbale za bwana, wosamala maluwa, wonyamula matumba ku siteshoni, onse atatopa, atakhala mozungulira nyali ya palafini ndi masileti pa maondo. Chimene ankafuna sichidali chobisika. Ankafuna kulemba okha kalata ya kwa akazi ao, kuti zinsinsi za m'nyumba zisadutse m'manja mwa munthu wina. Ankafuna kuwerenga tikiti ya malipiro kuti kapitao asawabere masiku, ndi kudziwa Chingerezi chokwanira kuyankha akafunsidwa. Mphunzitsi ankawapatsa zimenezi, nawonjezapo katekisma, ndipo ambiri amene adadzakhala akulu a mpingo ku Harari ndi ku Highfield adalowera pa khomo limeneli. Koma ntchito yake sinkathera pa bolodi. Kwa amene adali asadadziwe kulemba, iye ndiye adali mlembi wao. Kalata ya maliro ikafika, ndiye ankaitsegula, nasankha mau oyambira. Ankadziwa yemwe mkazi wake wakwatiwanso kumudzi mwini wake asadamve. Munthu akafa, mbusa ali ku Gwelo kapena ku Bulawayo, mphunzitsi ndiye ankatsogolera mwambo, nayenda ndi mbale pakati pa anthu a bungwe la maliro kusonkhetsa ya bokosi, nalembanso kalata yodziwitsa abale amene sadzaona manda a mwana wao. Palibe mwa zimenezi chimene chidalembedwa pa mgwirizano wa ntchito yake, ndipo palibe chimene adalandirapo kobiri.

Sadali yekha wofuna anthu amenewa. Tsiku la Sabata masana ng'oma za gule wamkulu zinkamveka m'makomboni, ndipo pambuyo pake ku Mufakose, Mabvuku ndi Tafara. Malamulo a ku Nkhoma pa nkhani ya Nyau adali osapita m'mbali, ndipo mphunzitsi adawasunga. Komabe woona bwino angathe kuvomereza kuti dambwe ndi sukulu ya usiku zinkakoka munthu mmodzimodzi ndi chingwe chofanana: pomva chinenero cha kwao, ndi potsimikiza kuti akadzafa sadzaikidwa ngati galu. Mphunzitsi amene adapambana pa mpikisano umenewu ndi amene ankafika msanga pa nyumba ya maliro.

Padalinso mlandu wina umene unkabwera kawirikawiri pa khomo pake. Amuna ambiri, ataona kuti zaka zikupita, adakwatira akazi a Chishona. Tsono kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Kwa Ashona mwana ndi wa kwa atate, ndipo amatenga mutupo wa atate ake. Mwana wobadwa kwa bambo Mchewa ndi mai Mshona adapezeka pakati: a kwa atate akuti ngwa kwa amake, a kwa amake akuti ngwa kwa atate ake. Mphunzitsi, amene nthawi zina adaimanso ngati nkhoswe popeza nkhoswe zenizeni zidali kutsidya kwa Zambezi, ankayesa kulunzanitsa miyambo iwiriyo ndi nzeru zake zokha. Ana amenewa akumbukiridwe, pakuti adzaonekanso m'nkhani ino.

Nkhondo yachiwiri itatha, boma lidayamba kumanga sukulu zake za masana m'malokeshoni, ndipo ya Chitsere ku Harari idali mwa zoyambirira. Zidali nyumba za njerwa, zabwino kuposa chilichonse chimene mpingo wa antchito ukadamanga, ndipo makolo adakondwera. Koma chinenero cha m'kalasi chidali Chishona, kenaka Chingerezi. Mwana wa m'nyumba ya Chinyanja ankapita m'mawa nkubwerako akuyankha amake m'Chishona. Mphunzitsi amene adasulidwa kuti aphunzitse m'Chinyanja adaona ntchito yake ikuchepa. Wina adaphunzira Chishona nafuna mapepala amene boma la kuno linkawavomereza. Wina adapita ku sukulu za m'mafamu ndi m'migodi, kumene Chinyanja chidali chikumvekabe, ndipo sukulu ya Sinodi ya ku Nyabira, pa mseu wa ku Chinhoyi, ndi mboni ya mbali imeneyo ya ntchito. Wina adatula choko nakalowa ukalaliki m'sitolo kapena ku njanji, natsala ndi kalasi la chibatizo ndi Sande sukulu. Nkosavuta lero kunena kuti otsirizawa adathawa maitanidwe ao. Wonena zimenezo ayambe wawerengera mtengo wa thumba la ufa ndi lendi ya chipinda pa malipiro a mphunzitsi wa mishoni.

Nanga bwanji sadabwerere kwao? Ambiri adabwerera ndithu. Pa zaka za Chitaganya, 1953 mpaka 1963, kuyenda kudali kosavuta. Koma Chitaganya chitatha, Malawi atalandira ufulu mu 1964, ndipo Ian Smith atalengeza ufulu wake mu Novembala 1965, chaka chomwe Sinodi ino idabadwa, njira zidayamba kutsekeka. Malire a ku Zambia adatsekedwa mu 1973, ndipo mu Malichi 1976 Mozambique idatseka malire ake ndi Rhodesia, mseu wa ku Tete nkufa. Amene amai ao adamwalira ku Dowa kapena ku Ntcheu m'zaka zimenezo adalira maliro pa kalata. Ngakhale 1980 itadutsa, nkhondo ya ku Mozambique idachititsa kuti magalimoto azidutsa pa Tete m'mdipiti woperekezedwa ndi asilikali, kufikira mtendere wa 1992. Pofika pamenepo munda uja udali utagawidwa kalekale, a msinkhu wake adali kumanda, ndipo ana ake sankadziwa kwina koma Highfield. Kumudzi ankamutcha mtchona, ngati kuti adachita kusankha. Kuno ankamutcha mubwidi kapena mubhurandaya.

Tsopano nkhani itembenukira kwa ana aja. Mu 1980 boma latsopano lidatsegula sukulu za pulaimale kwa onse popanda fizi. Ana a m'sukuluzo adali pafupifupi 820,000 mu 1979, ndipo pofika 1985 adaposa 2 miliyoni. M'malokeshoni kalasi limodzi lidayamba kulandira magulu awiri, lina m'mawa lina masana. Aphunzitsi adasowa, motero mu 1981 padayambika ndondomeko ya ZINTEC, imene imodzi mwa makoleji ake idali Morgan muno mu Harare. Wophunzira ankakhala pa koleji masabata 16 okha, kenaka nkutumizidwa ku sukulu kukaphunzitsa uku akupitiriza maphunziro ake pa makalata, nadzabwereranso ku koleji kumapeto kwa zaka zinai. Kwa mabanja a m'mipingo ya Sinodi ino, amene adalibe munda kapena ng'ombe zosiyira ana, uphunzitsi udali cholowa chokhacho chooneka, ndipo anyamata ndi atsikana ambiri adalowa.

Koma kosowa aphunzitsi kwenikweni kudali kumidzi, ndipo mphunzitsi watsopano ankayambira kumeneko. Chomwecho ulendo wa atate udabwerezedwa chafutambuyo. Atate adachoka kumudzi kubwera m'tauni ya eni, mwana adachoka m'tauni kupita kumudzi wa eni: Gokwe, Mberengwa, Mount Darwin, Chipinge, Binga. Mtsikana wobadwira ku Mufakose, amene adakula akutsegula mpopi, adayamba kusenza ndowa kuchokera ku chitsime ndi kuchonga makope pa kandulo, m'nyumba imodzi yogawana aphunzitsi atatu. Zimenezi adazipirira pamodzi ndi anzake a Chishona ndi Chindebele, ndipo sizidali zake yekha. Chake yekha chidali funso limene akulu a pamudzi amafunsa mlendo asadampatse madzi: mutupo wako ndi chiyani, ndipo kumusha nkuti? Akayankha kuti kwao ndi ku Mufakose, anthu ankaseka, pakuti lokeshoni si musha. Akatchula Malawi, ankatchula dziko limene mwina sadaliponde. Ena adadzisankhira mutupo wa Chishona woyandikana ndi mfunda wao, ena adasintha ndi dzina lomwe, kuti mafunso athe.

Pano pali chinthu chokhudza nyumba ino mwachindunji. Mipingo ya Sinodi idatsata matauni, migodi ndi mafamu, kumene kudali antchito a ku Malawi. Kumidzi kumene aphunzitsiwa adatumizidwa kudalibe CCAP. Ena adapemphera ndi a Methodist, ena ndi a Reformed Church, ena adangokhala. Kalata yao ya umembala idatsala ku Harare, ndipo Mgonero unkadutsa iwo ali kutali. Nthumwi iliyonse idzifunse: bwalo la mpingo wake lidalemberako kalata zingati kwa anthu amenewa? Kapena dzina lao linkangotchulidwa pa tsiku lowerenga amene sadapereke chopereka? Makolo ao adayenda pansi kukapempha wowaweta, ndipo adampeza. Ana ao adalibe woti nkumutuma.

Mabanja adagawikanso monga kale. Mkazi akuphunzitsa ku Glen View, mwamuna ali ku Mutoko, nkumaonana kumapeto kwa mwezi basi ikafika pa Mbare Musika, pempho la kusamutsidwa likudikira zaka. M'zaka za m'ma 1990 matenda a Edzi adatenga aphunzitsi ambiri, ndipo palibe mkulu wa mpingo amene sadziwa kuti nyumba ziwiri za banja limodzi zidathandiza kufalitsa imfayo. Pa zisankho za 2000, 2002 ndi 2008 aphunzitsi a kumidzi ambiri adaopsezedwa, ena adamenyedwa, poganiziridwa kuti ndi a chipani chotsutsa, ndipo wosavuta kumuloza chala adali mlendo wopanda mbale pafupi.

Lamulo la unzika la 2001 lidafuna kuti aliyense amene kholo lake lidabadwira kunja akane unzika wa dziko linalo, ngakhale sadautengepo. Anthu obadwira m'chipatala cha Harari, amene adaphunzitsa ana a dziko lino nyimbo ya fuko kwa zaka makumi awiri, adapezeka ali ndi chitupa cholembedwa kuti ndi alendo, akuima pa mizere ya ku Makombe, ndipo ambiri adataya voti. Mu 2005 Murambatsvina idagwetsa tinyumba ta kuseri m'malokeshoni, momwe aphunzitsi ambiri ankachita lendi, ndipo ogwetsedwawo adauzidwa kuti abwerere kumidzi kwao. Lipoti la United Nations lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya nyumba kapena pogwira. Kenaka idafika 2008. Mu Julaye chaka chimenecho boma lenilenilo lidati mitengo ikukwera ndi maperesenti 231 miliyoni pa chaka. Malipiro a mwezi sadakwane ndi ya kombi yomwe yokatengera malipirowo. Sukulu zambiri zidatsekeka, ndipo aphunzitsi zikwizikwi adaolokera ku South Africa ndi ku Botswana, kumene ena adakagwira ntchito ya ulonda, ya m'nyumba ndi ya m'minda. Mdzukulu wa munthu amene adaoloka Zambezi pa Tete adaoloka Limpopo pa Beitbridge, pa chifukwa chomwecho. Otsala adayambiranso mu 2009 ndi madola 100 a ku America pa mwezi. Opuma ntchito, amene adadulidwa ya penshoni moyo wao wonse, adapeza kuti yasanduka mapepala.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 adakonza zinthu ziwiri. Adabwezera unzika kwa obadwira muno amene kholo lao lidachokera m'maiko a SADC, ndipo adaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka m'Zimbabwe. Choyambacho chidachotsa chitonzo cha zaka khumi ndi ziwiri. Chachiwiricho chikudikira anthu, pakuti chinenero sichiphunzitsidwa ndi ndime ya lamulo. M'mipingo yambiri achinyamata amaimba nyimbo za Chichewa bwino lomwe, koma akafunsidwa tanthauzo la mau amene aimba amayang'anana. Ngati pali bungwe m'dziko lino limene lili ndi mabuku a Chichewa, nyumba zophunziriramo, ndi aphunzitsi ophunzitsidwa bwino amene adayamwa chinenerochi, ndi Sinodi ino. Ambiri a aphunzitsiwo adapuma ntchito, ali m'nyumba zao ku Mabvuku ndi ku Dzivarasekwa, ndipo sadafunsidwepo.

Pempho limene likuikidwa pamaso pa msonkhano uno silifuna ndalama zambiri. Mlembi wa mpingo uliwonse alembe maina a mamembala ake amene akuphunzitsa kutali, kumidzi kapena kunja kwa dziko, ndi kumene ali, kuti mbusa kapena mkulu aziwalankhula ngakhale pa foni, ndi kuti pa tchuti cha sukulu pakhale Mgonero umene iwo angaupeze. Alembenso aphunzitsi opuma ndi amasiye a aphunzitsi amene penshoni yao idatha mu 2008, kuti a Chigwirizano ndi madikoni adziwe khomo loyambira. Za maina a akale aja, ena ali m'mabuku a bwalo ndi m'makaundula a ubatizo a ku Mbare ndi ku Highfield, m'mene dzanja lolemba kawirikawiri lidali la mphunzitsi yemweyo. Ena ali m'mitu ya amai okalamba amene amakhala pa mabenchi a kutsogolo, ndipo ambiri a iwo adapitirira zaka 80. Amenewa afunsidwe chaka chino, ndipo zolembedwazo zifike ku ofesi ya Mlembi wa Sinodi usadafike msonkhano wotsatira.